PHUNZIRO 7: MTSINJE WA SHIRE NDI UDINDO WATHU POUSAMALIRA

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli, aliyense pa gulu athe:

(a) kufotokoza kumene mtsinje wa Shire umachokera ndi kumene umathera;
(b) kutchula zina zikuluzikulu zimene zinachitika m'mbali mwa mtsinjewu;
(c) kufotokoza phindu limene timapeza ku nsomba, nyama ndi madzi ake;
(d) kuzindikira zimene zikuononga mtsinjewu ndi zimene mudzi ungachite.

Mau oyamba

Anthu ambiri m'dziko muno sanauonepo mtsinje wa Shire, komabe amadya za mu Shire. Mayi amene akugayitsa chimanga pa chigayo cha magetsi ku Mzimba, wodwala amene akuchitidwa opaleshoni ku Lilongwe, mwana amene akutunga madzi pa mpopi ku Ndirande, ndiponso bambo amene akuthira shuga mu tiyi ku Karonga, onsewa akuthandizidwa ndi madzi a mtsinje umodzi womwewu. Nchifukwa chake phunziro ili ndi la Amalawi onse, okhala m'mbali mwa mtsinje ndi okhala kutali omwe. Chinthu chimene chimathandiza anthu onse chimafunanso kuti onse achidziwe ndi kuchisamala.

1. Ulendo wa mtsinje

Mitsinje yambiri imathira mu Nyanja ya Malawi, koma mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjamo ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 400, ndipo umathera mu mtsinje wa Zambezi m'dziko la Mozambique. Ulendo wake tingaugawe patatu.

Chigawo choyamba chimayambira ku Mangochi. Madzi akatuluka m'nyanja amayenda pang'ono nkulowa m'nyanja yaing'ono ya Malombe, kenaka amadutsa m'nkhalango ya Liwonde mpaka ku Matope. Kuno dziko ndi lachidikha, choncho madzi amayenda mwakachetechete.

Chigawo chachiwiri ndi cha mathithi. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 mtsinje umatsika mamita oyandikira 400, kudzera pa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Apa bwato silingadutse, koma mphamvu ya madzi otsetserekawa ndi imene imatipatsa magetsi.

Chigawo chachitatu chimayambira kumunsi kwa Kapichira. Mtsinje umafutukuka m'chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje, umalowa m'dambo lalikulu lotchedwa Elephant Marsh, umalandira madzi a Ruo pa Chiromo, nudutsa m'dambo la Ndindi polowera ku Mozambique.

M'njira monsemu mitsinje ina monga Rivirivi, Lisungwe, Mkulumadzi, Mwanza ndi Ruo imathiramo madzi ake. Tizikumbukira kuti chilichonse chogwera m'mitsinje ing'onoing'onoyi, kaya dothi, kaya zinyalala, chimakathera mu Shire.

2. Mbiri ya mtsinje

Eni chigwa

Kale kwambiri Azungu asanafike, Amang'anja anali atakhazikika kale m'chigwa cha Shire pansi pa mafumu awo monga Lundu ndi Tengani. Iwo ankalima thonje ndi kuomba nsalu, ankasula makasu, ankatcheza mchere ndiponso ankapha nsomba. Madzi osefukira akaphwa ankabzala m'madimba, motero ankakolola kawiri pa chaka. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene anthu ankapita kukapempha mvula, ndi mboni yakuti makolo ankadziwa kuti moyo wao wagona pa madzi.

Alendo ndi ukapolo

M'mwezi wa January 1859, David Livingstone anakwera mtsinjewu pa sitima yotchedwa Ma Robert kufunafuna njira ya pamadzi yolowera pakati pa Africa. Mathithi a Kapichira anamutsekera njira, ndipo pa ulendo wina wa pambuyo pake anayenda pansi kufikira anaona Nyanja ya Malawi mu September chaka chomwecho. Nthawi imeneyo malonda a akapolo anali atakula. Anthu ankagwidwa m'midzi, kumangidwa m'magoli ndi kutengedwa kupita ku gombe la nyanja yamchere. Nkhondo za ogwira akapolo pamodzi ndi chilala zinadzetsa njala yoopsa m'chigwa cha Shire m'zaka za 1862 ndi 1863, ndipo midzi yambiri inasanduka mabwinja. Bishopu Charles Mackenzie, amene anabwera kudzayamba mishoni ku Magomero mu 1861, anamwalira ndi malungo mu January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amakumana ndi Shire.

Ena mwa Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera ku mtunda kwa Zambezi sanabwerere kwao. Anakhazikika ku Chikwawa nakhala mafumu, ndipo maina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya tikuwamva mpaka lero.

Mseu wa pamadzi

Kwa zaka zambiri Shire ndiye anali mseu waukulu wolowera m'dziko muno. Mu 1875 sitima ya Ilala inafika pa mathithi. Anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi anazisenza pamutu kulambalala mathithi onse. Ataimanganso kumtunda, inakalowa m'nyanja mu October chaka chomwecho. Mabuku amatchula maina a atsogoleri a ulendowo, koma tisaiwale kuti popanda mapewa a makolo athu sitimayo sikadafika. Pambuyo pake sitima za malonda zinkaima pa doko la kwa Katunga, ndipo katundu ankakwera phiri kupita ku Blantyre.

Chifukwa cha kufunika kwa njira imeneyi, Angerezi ndi Apwitikizi analimbirana chigwachi. Mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo, ndipo mkanganowo unafulumizitsa Angerezi kulitenga dziko lino kukhala pansi pa ulamuliro wao mu 1891. Malire athu ndi Mozambique m'dera la Ruo ndi kumunsi kwa Shire anachokera pa mkangano umenewu.

Pamene mtsinje unaleka kuyenda

Pali chinthu china m'mbiri chimene tiyenera kuchisunga bwino m'mitima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri. Sitima zinayamba kutitimira mu mchenga, ndipo nchifukwa china chimene anamangira njanji yochokera ku Nsanje, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 mchenga ndi zomera zinatseka potulukira madzi, ndipo nyanja inaleka kuthira mu Shire. M'malo ena anthu ankaoloka pansi ndi kulima pamene kale pankayenda sitima. Nthawi imeneyo kunalibe makina a magetsi pa mtsinjewu. Zoterezi zitachitikanso lero, dziko lonse lingakhale mu mdima.

3. Shire pa chitukuko cha dziko

Pofuna kuti madzi aziyenda mwa muyeso chaka chonse, boma linamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde mu 1965. Chaka chotsatira, 1966, makina oyamba opangira magetsi anayamba kugwira ntchito pa Nkula. Kenaka anamanga ena pa Tedzani kuyambira 1973, ndi pa Kapichira mu 2000. Mpaka lero gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera pa malo atatu amenewa, amene kuyambira 2017 akuyendetsedwa ndi bungwe la EGENCO.

Madzi ambiri akumwa a mu mzinda wa Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo imathiriridwa ndi madzi omwewa. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya m'chigwa cha Shire, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, nayonso imayambira pa Kapichira.

Kugawa madzi amenewa si kwapafupi. M'zaka za 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo a zigayo, ometa ndi owotcherera zitsulo anasowa pogwira. Mu 2024 zinatembenuka: nyanja inadzaza mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Anthu a kumtunda anafuna kuti zitseko za ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, pamene a kumunsi ankaopa kuti madziwo akawakokolera minda ndi nyumba. Onse anali ndi zifukwa zomveka. Nkhani zotere zimafuna kuti mbali zonse zimvedwe, ndi kuti oyendetsa madzi azifotokozera anthu poyera zimene agamula ndi chifukwa chake.

4. Nsomba, nyama ndi mbalame

Nsomba

Mathithi a pakati pa mtsinje ali ngati mpanda wolekanitsa mitundu ya nsomba. Kumtunda kuli nsomba za mtundu wa m'nyanja monga chambo ndi kambuzi. Kumunsi kuli nsomba za mtundu wa mu Zambezi monga mphende, ndi nsomba ina ya mano akuthwa yodya zinzake imene pa Chingerezi amaitcha tigerfish. Milamba imapezeka mbali zonse. Nsomba za kumunsi sizingakwere mathithi a Kapichira. Nchifukwa chake pokonza ngalande ya ulimi wothirira anaganizira zoika chotchinga, kuti nsomba yolusa ija isapeze njira yokwerera kumtunda nkukatha nsomba za kumeneko.

Nyanja ya Malombe ili ndi phunziro lowawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankapha chambo chochuluka kwambiri kumeneko. Makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, anakokolola ana a nsomba ndi kuzula zomera za pansi pa madzi pamene chambo chimaswanirana. Pasanathe zaka zambiri chambo chinasowa. Apa zinaoneka kuti boma palokha silingalondere madzi onse, ndipo mu 1993 kunayambitsidwa makomiti a asodzi a pa madoko, kuti eni ake azitenga mbali popanga ndi kusunga malamulo a usodzi.

Nyama

Mvuu ndi ng'ona ndizo nyama zodziwika kwambiri mu Shire. Mvuu imatandala m'madzi masana ndi kutuluka usiku kukadya msipu. Ndowe zake zimameretsa tizomera ndi tizilombo timene nsomba zimadya, ndipo njira zake m'bango zimatsegulira madzi ndi mabwato podutsa.

Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973. M'menemo, pakati pa mitengo ya tsanya, milambe ndi migwalangwa, muli njobvu, njati, mphalapala, ngoma, nswala ndi njiri. Zipembere, zimene zinali zitatha, anazibweretsanso kuchokera ku South Africa kuyambira 1993, ndipo mikango inabwezeredwa mu 2018.

Nkhalango ya Majete, pafupi ndi Kapichira, ikutionetsa kuti choonongeka chingathe kukonzedwa. Pofika 1992 opha nyama mozembera anali atamaliza njobvu zonse za m'menemo. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Anamanga mpanda, analemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira, nabweretsanso nyama. Njobvu zinaswana mpaka m'zaka za 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku nkhalango ya Nkhotakota. Bungwe lomweli likuyendetsanso Liwonde kuyambira 2015.

Koma si zonse zimene zinabwerera. Livingstone analemba kuti anaona njobvu pafupifupi 800 m'dambo la Elephant Marsh. Lero dzina lokha ndilo latsala, njobvu mulibemo. Chuma chimene chatsala m'damboli ndi nsomba, madimba ndi mbalame zambirimbiri monga nkhwazi, akakowa, atsekwe ndi avuwo. Mu 2017 damboli linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, pansi pa pangano la Ramsar.

Kukhala pamodzi ndi nyama

Sitingabise kuti nyama zimenezi zimabweretsanso misozi. Mvuu imatha kumaliza dimba la chimanga usiku umodzi. Ng'ona zimagwira asodzi, amayi otunga madzi ndi ana osamba. Mu May 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu m'boma la Nsanje ndipo ambiri anataya miyoyo. Banja limene laferedwa kapena kudyeredwa mbeu silingamve msanga za ubwino wa nyama. Choncho kusamala nyama kuyenera kuyendera limodzi ndi kuteteza anthu: mijigo kuti amayi asamatunge ku mtsinje, milatho ndi mabwato olimba pa madoko, ndiponso alonda a nyama obwera msanga akaitanidwa. Ndi ufulu wa anthu kupempha zimenezi.

5. Kusangalala ndi mtsinje

Alendo ochokera kutali amalipira ndalama zambiri kuti akwere bwato pa Liwonde ndi kuona njobvu zikumwa madzi, mvuu zikuyasamula ndi nkhwazi ikugwira nsomba. Ena amapita ku Majete kukaona mathithi a Kapichira, ena amalowa ndi ngalawa mu Elephant Marsh kukaona mbalame. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho, kuli nyumba yosungiramo zakale za m'nyanja ndi nsanja yakale ya wotchi. Ndalama za alendowa zimapereka ntchito kwa oyendetsa mabwato, ophika, alonda, osema ziboliboli ndi alimi a ndiwo zamasamba.

Ambiri timaganiza kuti malo amenewa ndi a Azungu okha. Si choncho. Nkhalango ndi za Amalawi, ndipo nzika za dziko lino zimalipira mtengo wotsika polowa. Sukulu, makalabu a zachilengedwe ndi magulu a achinyamata angathe kusonkha pang'onopang'ono nkukonza ulendo. Mwana amene waona njobvu ndi maso ake sabvuta kumuphunzitsa kuipa kwa misampha.

Posangalala tisataye nzeru. Tisasambe pamene pamadziwika kuti pali ng'ona, makamaka madzulo ndi m'mamawa. Tisadzaze bwato mopyola muyeso. Madzi odikha a m'mbali mwa mtsinje amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, choncho amene waona magazi m'mkodzo apite msanga ku chipatala.

6. Zimene zikuononga mtsinje

Kudula mitengo. Mapiri a ku Neno, Mwanza, Balaka ndi Blantyre ayera chifukwa cha makala ndi kutsegula minda. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo, madzi salowa pansi, amathamanga ndi kukokolola dothi.

Kulima mpaka m'mphepete mwa madzi. Bango, nsenjere ndi mitengo ya m'mbali zimagwira gombe. Zikachotsedwa gombe limagumuka.

Kukwiririka kwa mtsinje. Dothi lokokoloka limadzaza madamu a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ndalama zambiri zimathera pofukula matope. M'chigwa, mtsinje wodzaza mchenga umasefukira msanga.

Namasupuni. Chomera ichi nchochokera ku South America. Chimakula mofulumira m'madzi amene alandira feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'mizinda. Chimatseka njira za mabwato, chimachepetsa mpweya wa nsomba ndi kutsamwitsa makina a magetsi.

Madzi osefukira. Chigwa cha Shire chinamira mu January 2015, mu March 2019 nthawi ya namondwe wa Idai, mu January 2022 nthawi ya namondwe wa Ana, ndi mu March 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy. Namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe sitingamuletse, koma kuopsa kwa madzi ake kumakula pamene mapiri ali pambalambanda. Akulu anati madzi saiwala khwawa: womanga nyumba m'njira ya madzi adziwe kuti tsiku lina adzabwera.

Tikaonetsetsa, mabvuto onsewa ndi olumikizana. Wootcha makala ku Neno mwina sadziwa kuti akuthandiza kumiza nyumba ya mnzake ku Makhanga. Wogula makalawo mu mzinda amadandaula za kuzima kwa magetsi, osadziwa kuti thumba limene wagulalo ndi mbali ya chifukwa chake. Komanso tisafulumire kuloza chala. Ambiri amaotcha makala chifukwa cha umphawi, ndipo ambiri amagula chifukwa alibe njira ina yophikira. Yankho lenileni liyenera kukhudzanso njala ndi kusowa kwa ntchito.

7. Malamulo ndi udindo wa nzika

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 13, amalamula boma kusamala zachilengedwe, kuletsa kuonongeka kwake ndi kukumbukira ufulu wa mibadwo yam'tsogolo. Palinso lamulo la za nkhalango ndi lamulo la za usodzi, onse a 1997, ndi lamulo la za madzi la 2013. Malamulowa amapereka mpata wakuti midzi ikhale ndi nkhalango zake ndi makomiti ake oyang'anira zachilengedwe. Lamulo la za nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopha nyama zotetezedwa monga njobvu ndi chipembere angathe kukhala m'ndende zaka zofika 30.

Lamulo lolembedwa pa pepala siligwira ntchito ngati anthu salidziwa kapena akuopa kulankhula. Mu ulamuliro wa demokalase nzika ili ndi ufulu wofunsa mfumu, khansala ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo zimene akuchita pa nkhani ya mtsinje. Ilinso ndi udindo wokana ziphuphu, kaya pa malo ofufuzira magalimoto onyamula makala, kaya pa doko pamene khoka loletsedwa likulowa m'madzi. Ufulu ndi udindo zimayendera pamodzi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi mtsinje kapena khwawa la kwanu limathira kuti? Akuluakulu afotokoze m'mene linalili iwo ali ana ndi m'mene lilili tsopano.
2. Nyanja itaIeka kuthira mu Shire monga zinachitikira pakati pa 1915 ndi 1935, moyo wa m'mudzi mwanu ungasinthe bwanji?
3. Pa nkhani ya madzi a mu 2024, mukadakhala oyendetsa zitseko za ku Liwonde, mukadamvera ndani ndipo chifukwa chiyani?
4. Kodi nchiyani chinathetsa chambo ku Malombe? Nanga nchiyani chinabwezeretsa njobvu ku Majete? Tikuphunzirapo chiyani?
5. Banja limene limadalira makala lingapeze njira zina ziti zopezera ndalama? Ndani ayenera kulithandiza?
6. Kodi amayi ndi achinyamata ali ndi mau m'makomiti a zachilengedwe a kwanu?

Zoti tichite

Gulu lisankhe ntchito ziwiri kapena zitatu mwa izi, ligwirizane tsiku loyambira ndi munthu woyang'anira, ndipo lidzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira:

(a) kuyendera mtsinje wa m'dera lathu pamodzi ndi a mfumu ndi kulemba malo amene gombe lagumuka;
(b) kugwirizana za mtunda wosalimidwa m'mbali mwa mtsinje ndi kubzalamo nsungwi, vetiva ndi mitengo;
(c) kukonza nazale ya mitengo mvula isanayambe, ndi kusamala zitsa zophukira m'minda;
(d) kuphunzitsana kuumba mbaula zosatha nkhuni zambiri;
(e) kwa asodzi, kulemekeza nyengo yotseka usodzi ndi kuleka kuphera nsomba maukonde a udzudzu;
(f) kwa a m'chigwa, kudziwa malo okwera othawirako ndi kumvera machenjezo a za nyengo pa wailesi;
(g) kutengera madandaulo athu ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi kufunsa yankho lake pa nthawi yoikika.

Mau otsiriza

Mtsinje wa Shire unadyetsa makolo athu, unaona misozi ya akapolo, unanyamula sitima za alendo, ndipo lero ukuunikira nyumba ndi zipatala zathu. Mbiri yake yationetsa kuti ungathe kuphwa, kuti nsomba ndi nyama zake zingathe kutha, komanso kuti anthu akagwirizana zotayika zina zimabwerera. Akumtunda ndi akumunsi ndife anthu a mtsinje umodzi. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Tiyeni tiyambe ndi khwawa limene lili pafupi ndi mudzi wathu.